Mbiri ya Msoko wa Thanki ya Nsomba za M'nyanja Yamchere

Thanki yagalasi yowetera nsomba m'nyumba, imene Azungu amaitcha aquarium, imapangidwa ndi magalasi asanu, anayi a m'mbali ndi limodzi lapansi, ndipo mzere uliwonse pamene magalasi awiri akumana ungatchedwe msoko, monga mmene telala amatchulira pamene nsalu ziwiri zalumikizana. Olemba mbiri ya ntchito yoweta zamoyo za m'nyanja yamchere amakonda kufotokoza za nsomba zokongola, nyali zamphamvu ndi makina osefera madzi, koma chimodzi mwa zimene zinachedwetsa ntchitoyi kwa zaka zoposa 100 chinali kamzere kopyapyalako, chifukwa amisiri analibe chomatira chimene chikanatha kugwira galasi, kupirira mchere, ndi kusapha zamoyo za m'madzimo pa nthawi imodzi. Kusintha kwa chomatira kunasintha kamangidwe ka thanki, ndipo kunasinthanso mmene thanki imawonongekera ndi mmene imakonzedwera.

Anthu oyamba kusunga zamoyo za m'nyanja yamchere pofuna kuziphunzira ankagwiritsa ntchito ziwiya zazing'ono. Mu 1832 Jeanne Villepreux-Power, mayi wa ku France amene ankakhala ku Messina pachilumba cha Sicily, anapanga ziwiya zagalasi ndi zikwere zoviika m'nyanja kuti aone mmene kanyama kotchedwa argonaut kamapangira chigoba chake. Mu 1846 Anna Thynne, mkazi wa mmodzi wa atsogoleri a tchalitchi cha Westminster Abbey, anatenga makorali ku Torquay n'kupita nawo ku London, kumene anawasunga amoyo pafupifupi zaka zitatu m'mabakuli agalasi, ndipo madzi ake ankawatsanula kuchoka m'chiwiya china kupita m'china pafupi ndi windo lotsegula kuti alowe mpweya. Makorali ndi tinyama tofewa tokhala m'magulu timene timadzimangira chigoba cholimba ngati mwala. Bakuli loumbidwa kamodzi lilibe msoko, motero silidontha, koma silingakule kwambiri, ndiponso kupindika kwa galasi lake kumapotoza maonekedwe a chimene chili mkati. Wofuna kuona nyama bwinobwino ankafunika galasi lathyathyathya, ndipo galasi lotere linali lodula ku Britain chifukwa cha msonkho umene boma linkadula potengera kulemera kwake, mpaka pamene boma la Robert Peel linauthetsa mu 1845.

Msonkhowo utatha zinthu zinayenda mofulumira. Mu 1850 Robert Warington, katswiri wa sayansi ya kemisitiri, anasindikiza zotsatira za kafukufuku wake wosonyeza kuti nsomba, zomera za m'madzi ndi nkhono zikhoza kukhala pamodzi m'madzi osasinthidwa, popeza zomera zimatulutsa mpweya umene nsomba zimapuma, pamene nkhono zimadya ndere ndi zowola. Mu 1853 malo osungira nyama a ku Regent's Park mu London anatsegula nyumba ya nsomba yotchedwa Fish House, imene inali yoyamba ya mtundu wake yoonerera anthu onse, ndipo zamoyo zambiri za mmenemo zinatoledwa pagombe la Weymouth ndi Philip Henry Gosse. Buku la Gosse la mu 1854, lotchedwa The Aquarium, ndilo linafalitsa dzinali, ndipo m'zaka zochepa mabanja opeza bwino ku England ankafuna kukhala ndi kachigawo ka nyanja pabalaza. William Alford Lloyd anatsegula sitolo ku Portland Road yogulitsa mathanki, zamoyo ndi madzi a m'nyanja obwera m'migolo, pamene Gosse anaphunzitsa anthu okhala kutali ndi gombe kudzipangira okha madzi amchere posungunula mchere wamba, mchere wa Epsom ndi michere ina iwiri ya magnesium ndi potassium.

Thanki ya nthawi imeneyo inali ntchito ya wosema mwala, wosula zitsulo ndi woika magalasi a mawindo. Pansi pake, ndipo nthawi zambiri m'mbali mwake ndi kumbuyo komwe, ankaikapo sileti, mwala wosalala womwe uja ana asukulu akale ankalembapo, chifukwa suchita dzimbiri ndiponso sulowa madzi. Galasi ankalilowetsa m'ngalande zosemedwa m'siletimo kapena mu felemu yachitsulo kapena yamatabwa, ndipo mpata wotsala ankautseka ndi phala lomata lofanana ndi putty wa mawindo. Mabuku a amisiri ankapereka kasakanizidwe kosiyanasiyana, koma kotchuka kanali ka ufa wa mtovu wotchedwa litharge, mchenga woyera wosalala, pulasitala ndi utomoni wopera, zonse zokandidwa ndi mafuta owiritsa a njere za fulakesi. Chofunika kumvetsa pa kamangidwe kameneka n'chakuti ntchito ziwiri zinali zogawidwa. Felemu ndiyo inkasenza katundu, kutanthauza kuti inkaletsa magalasi kukankhidwira kunja, pamene phala lija linali ndi ntchito imodzi yokha yotseka njira ya madzi, ndipo silinkayembekezeredwa kugwira galasi ndi mphamvu zake.

Katundu amene felemu inkasenza si wochepa. Lita imodzi ya madzi a m'nyanja yamchere ili ndi magalamu pafupifupi 35 a mchere ndipo imalemera pang'ono kuposa lita ya madzi akumwa, pafupifupi makilogalamu 1.025, motero thanki yotalika masentimita 120, yotambalala masentimita 60 ndi yozama masentimita 60 imasunga malita 432 olemera makilogalamu oposa 440, miyala ndi mchenga osawerengera. Kulemera kumeneku kumatsikira pansi, koma madzi amakankhanso m'mbali, ndipo galasi lakutsogolo la thanki yotereyi limakankhidwa ndi mphamvu yofanana ndi kulemera kwa makilogalamu pafupifupi 220. Mphamvuyi siigawika mofanana, pakuti pamwamba pa madzi palibe kukankha kulikonse pamene pansi penipeni m'pamene kukankha kumachuluka, ndipo kuzama kukawirikizidwa kawiri mphamvu yonse yokankha galasi imawirikiza kanayi. Ichi n'chifukwa chake misoko ya m'munsi ndi ngodya zapansi ndizo zimayamba kufooka, ndiponso n'chifukwa chake amisiri akale ankakonda mathanki osazama.

Mu thanki yafelemu kukankha kwa madziku kunali ndi ubwino wake, chifukwa galasi linali mkati mwa felemu ndipo madzi ankalipanikizira pa phala lija, kotero kuti thanki yodzaza inkadzitseka yokha. Vuto linkabwera thanki ikakhala yopanda madzi kwa nthawi yaitali, pakuti phala linkauma n'kung'aluka, galasi linkabwerera mkati pang'ono, ndipo pothiramo madzi kachiwiri thankiyo inkachucha. Kuchucha kwake kunali kwa madontho, kwapang'onopang'ono, kopatsa mwini wake nthawi yotchera beseni ndi kuganiza chochita, popeza galasi silikanachoka m'malo mwake ngakhale phala lonse litafumbutuka. Apa m'pamene panachokera chizolowezi chomata pamwamba, chopaka phala latsopano kapena phula pamalo pamene pakudontha, ndipo pa thanki yafelemu chizolowezichi chinali chanzeru ndithu. M'zaka za m'ma 1900, pamene mathanki a felemu yachitsulo chosachita dzimbiri ndi pansi pasileti, monga a kampani ya Metaframe ku America, ankamatidwa ndi phala lakuda laphula, eni ake ankadziwa kuti thanki youma ikayamba kudontha imathiridwa madzi otentha kuti phula lifewe ndipo galasi likhazikikenso.

Zonsezi zinkatheka bwino ndi madzi opanda mchere, koma madzi amchere anali mdani wa chilichonse chimene amisiri anali nacho. Chitsulo chimachita dzimbiri msanga mumchere, ndipo dzimbiri limatupa n'kutenga malo aakulu kuposa chitsulo chimene lachokerako, motero limakankha phala mpaka kuthyola galasi. Mkuwa, ngakhale wochepa kwambiri, umapha makorali, nkhanu ndi nkhono za m'nyanja, ndipo zinki ndi mtovu nazonso ndi poizoni kwa zamoyo zimenezi. Ngakhale chitsulo chotchedwa chosachita dzimbiri chimabooka timaenje chikakhalitsa mumchere. Kubisa felemu kunja kwa galasi sikunathandize kwenikweni, chifukwa madzi amchere amathovokera m'mphepete, nauma, n'kusiya mchere umene umakoka chinyontho ndi kukwawa pang'onopang'ono mpaka kufika pachitsulo. Lloyd ankalidziwa bwino vutoli, ndipo pomanga nyumba ya nsomba ya ku Crystal Palace, imene inatsegulidwa mu 1871, anagwiritsa ntchito mapaipi a mphira wouma m'malo mwa achitsulo. Nyumba zazikulu zoterezi zinali ndi ndalama zozembera vutoli, koma m'nyumba za anthu wamba chidwi cha zamoyo za m'nyanja chinali chitazirala kale m'zaka za m'ma 1860, ndipo kwa zaka pafupifupi 100 zotsatira ambiri oweta nsomba pakhomo anakhazikika pa nsomba za m'madzi opanda mchere. Si msoko wokha umene unachititsa zimenezi, popeza kusefa madzi ndi kusamalira kutentha kwake kunalinso kosadziwika bwino, koma ngakhale wodziwa zonsezo akanalephera ndithu m'chiwiya chothira poizoni m'madzi ake omwe.

Yankho linachokera kwa anthu amene sankaganiza n'komwe za nsomba. Frederic Stanley Kipping, mphunzitsi wa kemisitiri ku Nottingham, anatha zaka pafupifupi 40 akufufuza mankhwala opangidwa kuchokera ku silicon, chinthu chimene chimapezeka chochuluka mumchenga, ndipo ndiye anayambitsa dzina lakuti silicone kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ngakhale kuti iye mwini sankaona kuti zomatamata zimene zinkatsalira m'mabotolo ake zingadzakhale ndi ntchito yaikulu. James Franklin Hyde wa kampani yamagalasi ya Corning anapitiriza kafukufukuyu m'zaka za m'ma 1930, ndipo mu 1940 Eugene Rochow wa kampani ya General Electric anapeza njira yopangira mankhwalawa ochuluka, njira imene Richard Müller anaitulukiranso payekha ku Germany. Mu 1943 kampani ya Dow Corning inakhazikitsidwa ku Midland m'chigawo cha Michigan, ndipo katundu wake woyamba ankapita ku ndege zankhondo. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha kunabwera silicone wofinyidwa m'chubu amene amauma yekha akakumana ndi chinyontho cha mumpweya, ndipo mtundu umene umagwiritsidwa ntchito kwambiri pa mathanki umatulutsa asidi wa viniga pouma, chimene chimachititsa fungo lowawasa lodziwika kwa aliyense amene anamatapo nawo. Silicone amagwira galasi mwamphamvu chifukwa ziwirizi n'zapachibale, pakuti msana wa zonse ziwiri ndi silicon wolumikizana ndi okosijeni, ndipo akauma amakhala ngati mphira wotamuka, wosasungunuka mumchere ndi wosapha nsomba.

Pa nthawi yomweyo galasi lenilenilo linasintha. Mu 1959 kampani ya Pilkington ya ku St Helens ku England inalengeza njira imene Alastair Pilkington anatulukira, yoyandamitsa galasi losungunuka pamwamba pa chitsulo cha tin chosungunuka, ndipo njirayi inapereka galasi losalala mbali zonse ziwiri, lokhuthala mofanana ndi lotsika mtengo. M'zaka za m'ma 1960 oweta nsomba ndi makampani anayamba kumata magalasi asanu ndi silicone yekha popanda felemu yachitsulo, ndipo m'zaka za m'ma 1970 thanki yotereyi inalowa m'malo mwa yakale pafupifupi kulikonse. Mchere wosakaniza kale wa m'mapaketi, monga wa Instant Ocean, unayamba kugulitsidwa m'nyengo yomweyo, ndege zinayamba kunyamula nsomba zamoyo kuchokera ku Philippines ndi Indonesia, ndipo pofika zaka za m'ma 1980 oweta a ku Berlin, mmodzi wa iwo Dietrich Stüber, anali atakwanitsa kumeretsa makorali olimba a mtundu wa Acropora m'nyumba. Thanki yomweyi ndiyo inalandiranso mbuna za m'nyanja ya Malawi zimene amalonda monga Stuart Grant wa ku Salima ankatumiza ku Ulaya ndi ku America, ngakhale kuti nsomba zimenezo n'za m'madzi opanda mchere ndipo zikanatha kukhala ndithu mu thanki yakale.

Chimene ambiri sanachizindikire pa kusinthaku n'chakuti ntchito ziwiri zija, yosenza katundu ndi yotseka madzi, tsopano zinaunjikidwa pa chinthu chimodzi. Msoko wa silicone uli ndi magawo awiri. Gawo loyamba ndi kansalu kopyapyala ka silicone kopanikizika pakati pa m'mphepete mwa galasi limodzi ndi nkhope ya linzake, kamene nthawi zambiri sikapitirira mamilimita awiri kapena atatu kukhuthala kwake, ndipo kansalu kameneka ndiko kamagwira magalasi kuti asapatukane. Gawo lachiwiri ndi mzere wa silicone woyalidwa ndi chala mkati mwa ngodya, umene umaoneka kwa aliyense woyang'ana m'thanki, koma ntchito yake ndi yongoteteza gawo loyamba lija. Felemu yapulasitiki imene imaikidwa pamwamba ndi pansi pa mathanki ambiri a m'sitolo, pamodzi ndi mtanda wopingasa pakati, imathandiza kuti galasi lalitali lisapindikire kunja, koma singagwire galasi msoko ukalekana. Zotsatira zake n'zakuti thanki yamakono siidontha kawirikawiri ngati yakale, ndipo ikhoza kutha zaka zambiri osavuta, koma ikalephera imatha kulephera kamodzin'kamodzi, chifukwa pamene silicone wasiya galasi pang'ono, katundu yense amasamukira pa gawo lotsala, ndipo msoko umatha kumasuka kuchokera pansi mpaka pamwamba ngati zipi.

Zifukwa zimene msoko umafookera zinadziwika pang'onopang'ono kuchokera ku mathanki owonongeka. Choyamba ndi galasi limene silinapukutidwe bwino pomata, popeza mafuta a zala okha ndi okwanira kulepheretsa silicone kugwira. China ndi choikapo thanki chosalingana, chimene chimapotokola thanki yonse ndi kukoka ngodya imodzi usana ndi usiku kwa zaka, ndipo amisiri ambiri amaona kuti levulo imapulumutsa mathanki ochuluka kuposa chubu cha silicone. Mu thanki yamchere mumawonjezereka mavuto akeake, chifukwa ndere zolimba zofiirira zimamera pagalasi ndipo mwini thanki amazipala ndi lezala, imene imacheka mzere wamkati ikafika pangodya, komanso makina opanga mafunde amakankha madzi uku ndi uku kambirimbiri pa tsiku, ndipo msoko umatamuka ndi kubwerera nthawi iliyonse. Zizindikiro zake n'zosavuta kuziona kwa wodziwa pamene ayenera kuyang'ana. Msoko wabwino ukayang'anidwa kudzera m'galasi umaoneka wamtundu umodzi, pamene wofooka umaonetsa timathovu tatsopano kapena kachigamba kotuwa kamene kamakula mlungu ndi mlungu, ndipo kunja kwa thanki mchere wouma umayamba kuundana motsatira mzere wa msokowo pamalo pamene madzi sathovokerapo.

Kakonzedwe kamene amisiri anakhazikikapo kakutsutsana ndi chizolowezi chakale chomata pamwamba, ndipo mpaka lero chizolowezicho chikuwonongetsabe mathanki. Silicone watsopano sagwira bwino pa silicone wouma kale, sagwira pagalasi lonyowa kapena lamchere, ndiponso womatidwa kunja amakankhidwa ndi madzi kuchoka pagalasi m'malo mopanikiziridwapo. Chigamba chotere chikhoza kuletsa dontho kwa masiku angapo, koma choipa chake n'chakuti chimabisa chizindikiro pamene msoko ukupitirira kulekana mkati. Chifukwa cha lamulo lija la kuzama, chinthu choyamba chimene mwini thanki amachita ndi kutsitsa madzi, pakuti kuwatsitsa kufika pa theka kumachepetsa mphamvu yokankha galasi kufika pa gawo limodzi mwa magawo anayi. Kenako amazimitsa makina a mafunde, amamanga thanki ndi malamba kapena zopanira za akalipentala kuti ipirire maola ochepa, ndipo amasamutsira nsomba, makorali ndi miyala m'migolo yapulasitiki yoyera pamodzi ndi madzi awo omwe, chotenthetsera madzi ndi pampu, popeza tizilombo tosefa zonyansa timene timakhala m'miyalamo timafa miyala ikauma kapena ikasowa mpweya.

Thanki ikakhala yopanda kanthu m'pamene pamaoneka kukula kwa ntchito. Ngati chawonongeka ndi mzere wamkati wokha, mmisiri amauchotsa wonse kuzungulira thanki, osati chigawo chokha, mosamala kuti lezala isalowe pakati pa magalasi, napukuta ndi asetoni kapena spiriti, n'kuyala mzere watsopano ulendo umodzi. Ngati kansalu ka pakati pa magalasi ndiko kalekana, galasilo liyenera kuchotsedwa, kupalidwa mpaka silicone yense wakale atatha, ndi kumatidwanso, ndipo chifukwa chakuti misoko yonse ya thanki ndi ya msinkhu umodzi, ambiri amaphwasula thanki yonse kapena kugula ina. Silicone wake ayenera kukhala wopanda mankhwala oletsa chuku amene amathiridwa mu silicone wa m'bafa ndi m'khitchini, chifukwa mankhwalawo amapha zamoyo za m'madzi. Popeza silicone amauma kuchokera kunja kupita mkati, mamilimita ochepa okha pa tsiku, msoko wokhuthala umafuna mlungu wathunthu kapena kuposerapo, ndipo thanki imayesedwa ndi madzi wamba panja kwa masiku angapo isanabwerere pabalaza.

Nthambi ina ya mbiriyi ndi ya acrylic, pulasitiki woonekera ngati galasi amene kampani ya Otto Röhm ku Germany inamutcha Plexiglas mu 1933, ndipo kampani ya ICI ku Britain inamutcha Perspex. Silicone sagwira bwino pa acrylic, motero misoko yake imalumikizidwa ndi mankhwala amene amasungunula m'mphepete mwa zidutswa ziwirizo kuti zikhale chinthu chimodzi, kapena, pa zidutswa zokhuthala kwambiri, ndi acrylic wamadzimadzi amene amaumira mumpatamo. Njirayi inatheketsa mathanki aakulu amene galasi silikanakwanitsa, ndipo imodzi mwa otchuka inali AquaDom ya mu hotela ina ku Berlin, thanki yozungulira yotalika mamita 16 imene inatsegulidwa mu 2003 ndipo inkasunga malita pafupifupi 1 miliyoni a madzi amchere ndi nsomba pafupifupi 1,500. Thankiyi inaphulika m'mamawa pa 16 Disembala 2022, anthu awiri anavulala ndipo pafupifupi nsomba zonse za mmenemo zinafa. Katswiri wa mapulasitiki Christian Bonten, amene anayala zidutswa zake m'nyumba yosungira katundu ndi kuzifufuza kwa miyezi ingapo, sanapeze umboni wokwanira kuloza chifukwa chimodzi, ndipo oimira boma pamilandu anatseka nkhaniyi mu Okutobala 2023. Bonten anatchula zinthu zitatu zimene zikanatha kuchititsa ngoziyo: kulephera kwa msoko wina womatidwa, kabala kamene kanachitika m'munsi mwa khoma pa ntchito yokonzanso thankiyo, ndi kuuma kopitirira muyeso kwa khomalo pa nthawi imene thanki inakhala yopanda madzi.